Bata la Pamsewu ndi Bata la Pabwinja

Munthu aliyense amene anapalasapo njinga mumsewu wodzaza magalimoto akudziwa mantha amene amafika pamene chigalimoto cha katundu chikubangula kumbuyo kwake. Mapewa amauma, manja amakanirira pachiwongolero, ndipo kwa kamphindi moyo wako wonse umakhala m'manja mwa munthu amene sumudziwa, amenenso nkhope yake sudzaiona. Chikadutsa, chimphepo chake chimakukankhira kumbali, iwe n'kupumira m'mwamba, uku ukutchera khutu kudikira china. N'chifukwa chake mawu akuti msewu wopanda magalimoto amakoma m'khutu la wapanjinga monga madzi akomera munthu waludzu. Lero, awerengi, ndifuna tipite limodzi ku Liguria, chigawo cha dziko la Italy, kumene kuli misewu yabata ya mitundu iwiri. Ndinenetu pachiyambi pomwe kuti mwa mitundu iwiriyi, umodzi wokha ndiwo woyenera kuunyadira; winawo ndi chizindikiro cha matenda.

Liguria ndi dziko lopyapyala, lopindika ngati uta, loyambira kumalire a France n'kutsata gombe la nyanja ya Mediterranean mpaka kukagunda chigawo cha Tuscany. Mzinda wake waukulu ndi Genoa. Kumeneko mapiri sapereka mpata: amatsika mpaka kukaviika mapazi m'nyanja, ndipo phiri lalitali koposa, Monte Saccarello, limafika mamita 2,200 ngakhale lili pafupi ndi gombe. Motero chilichonse chofuna malo athyathyathya, kaya ndi nyumba, munda, doko kapena msewu, chimalimbirana kamzere kamodzi kokha ka pakati pa thanthwe ndi madzi. M'kamzere kameneka mumadutsa msewu wakale wotchedwa Via Aurelia, umene mpaka lero umakhala wothinana ndi magalimoto, mabasi ndi njinga zamoto, makamaka m'miyezi yotentha pamene alendo amakhamukira kunyanja.

M'kamzere komweka ndimo munayalidwanso njanje yochokera ku Genoa kupita ku Ventimiglia, imene inamalizidwa m'chaka cha 1872. Amisiri a nthawi imeneyo anasankha njira yapafupi ndi yosakwera, ndiye kuti m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Njanjeyo inabweretsa chuma. Anthu olemera a kumpoto kwa Ulaya, othawa chisanu cha kwawo, anayamba kudzagonera m'matauni monga Sanremo, ndipo maluwa olimidwa m'mapiri a kumeneko anayamba kufika m'misika yakutali asanafote, mpaka gombe lonselo linatchedwa Riviera dei Fiori, kutanthauza gombe la maluwa. Koma zaka zitapita, njanje ija inasanduka mpanda. Inali ya mzere umodzi, moti sitima zinkadikirana m'masiteshoni. Ndipo inadula matauni pakati, nyumba kuno nyanja uko, munthu wofuna kukasamba n'kumaima pachipata kudikira kuti sitima idutse.

M'chaka cha 2001 sitima zinasamutsidwa. Pakati pa San Lorenzo al Mare ndi Ospedaletti panatsegulidwa njanje yatsopano ya mizere iwiri, yodutsa m'mphanga zoboola mapiri, ndipo siteshoni ya Sanremo inalowa pansi pa nthaka. Njanje yakale inatsala yokha, makilomita 24 a malo okongola koposa m'gombe lonselo. Apa ndiye panali mayeso. Tisaiwale kuti Liguria ndi dziko limene linapwetekedwa kale ndi dyera la omanga nyumba. Mlembi wotchuka Italo Calvino, amene anakulira ku Sanremo komweko, analemba m'zaka za m'ma 1950 buku lotchedwa La speculazione edilizia, lofotokoza m'mene minda ndi mitengo ya m'gombeli inamezedwera ndi nyumba zosanja zomangidwa mothamangira phindu. Ndipo kuchokera ku dzina la tauni ya Rapallo, Ataliyana anapanga liwu lakuti rapallizzazione, lonena za kuwononga malo okongola ndi zomangamanga zosalongosoka. Kukanakhala kosavuta kudula malo a njanje aja m'zidutswa, apa hotela, apo poimika magalimoto, aliyense n'kutenga nthuli yake.

Sizinatero ayi. Akuluakulu a chigawocho ndi a matauni anagwirizana kuti mzerewo usaduke, ukhale njira ya apanjinga ndi apansi. Gawo loyamba linatsegulidwa m'chaka cha 2008, ndipo m'chaka cha 2014 njirayo inafika ku Ospedaletti. Nzeru yake yagona pa mawu amodzi okha: usaduke. Munda ukhoza kugawidwa pakati pa ana n'kukhalabe minda, koma njira ikadulidwa pamalo amodzi yafa yonse, pakuti mayi amene akuyenda ndi mwana wake sangavomere kuloweranso m'chipwirikiti cha Via Aurelia ngakhale kwa mamita 200 okha. Ndipo malo otere akagulitsidwa sabwereranso. Madzi akatayika saoleka.

Tiyeni tsono tiyerekeze kuti takwera njinga pa San Lorenzo al Mare m'mamawa, dzuwa lili kumsana, tikulunjika kumadzulo. Tisanapite patali talowa m'mphanga yaitali imene kale munkadutsa sitima. Muli nyali, muli kuzizira, ndipo chomveka ndi kulira kwa tcheni ndi matayala basi. Potuluka, nyanja ili kudzanja lamanzere, pafupi kwambiri moti fungo la mchere likulowa m'mphuno, ndipo kudzanja lamanja kuli zitunda zodzaza mitengo ya azitona ndi nyumba zagalasi zolimamo maluwa. Tikudutsa Santo Stefano al Mare ndi Riva Ligure, kumene njirayo ikudutsa kuseri kwa nyumba za anthu, zovala zili pachingwe. Tikuoloka mtsinje wa Argentina n'kulowa mu Arma di Taggia. Patsogolo pang'ono, pamwamba pa chitunda, pali mudzi wa Bussana Vecchia, umene tiukumbukire chifukwa tidzabwererako m'nkhani ino.

Kenaka tafika ku Sanremo, mzinda wa chikondwerero cha nyimbo chimene chinayamba mu 1951, mzindanso umene Alfred Nobel anamwalirira mu 1896. Tikudutsa pa siteshoni yakale, pamene tsopano palibe utsi kapena mluzu. Chomalizira ndi mphanga ya Capo Nero, yotalika pafupifupi mamita 1,750, m'mene anapachikamo zikwangwani zosimba mbiri ya mpikisano wa njinga wa Milano-Sanremo. Tikatuluka tili ku Ospedaletti. Ulendo wonsewu sitinakwere chitunda chotopetsa ngakhale chimodzi, popeza sitima sikonda chikweza, ndipo njinga yalandira cholowa cha ulesi wa sitima umenewo. Ichi ndicho chifukwa chake agogo a zaka 80 ndi mdzukulu wa zaka zisanu angathe kuyenda limodzi m'dziko limene misewu yake ina yonse ndi yokwera kapena yotsetsereka.

Njira imeneyi inatchuka pa dziko lonse pa 9 May 2015, pamene mpikisano waukulu wa Giro d'Italia unayambira pomwepo. Magulu a akatswiri anathamanga makilomita 17.6 kuchokera ku San Lorenzo al Mare kukafika ku Sanremo pa liwiro loposa makilomita 50 pa ola, ndipo gulu la ku Australia la Orica-GreenEDGE ndilo linapambana. Linali tsiku laulemu ndithu. Koma tsiku limenelo silindisangalatsa monga m'mene limandisangalatsira Lachiwiri wamba la mwezi wa November, pamene alendo apita, ndipo panjirapo pali mnyamata wopita kusukulu, namwino wobwerera kuntchito ya usiku, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, ndi mayi wokankha kangolo ka mwana. Awa ndiwo eni njira. Katswiri anaibwereka kwa masana amodzi. Iwo aipeza m'mawa uliwonse.

Wina angafunse kuti: nanga kuwonongeranji ndalama zambiri chotere, osangojambula mzere woyera m'mphepete mwa msewu wa magalimoto? Yankho lili kumanda. Ku Italy apanjinga pafupifupi 200 amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo imfa imeneyi siopa luso. Michele Scarponi, amene analembedwa kukhala wopambana Giro d'Italia wa 2011, anagundidwa ndi galimoto pa mphambano ya kwawo ku Filottrano pa 22 April 2017 ali pa zolimbitsa thupi, n'kufera pomwepo. Davide Rebellin, amene anapikisana zaka pafupifupi 30, anaphedwa ndi galimoto ya katundu pa 30 November 2022, patangopita masabata ochepa atapuma pa mipikisano. Ngati anthu amene njinga inali ngati chiwalo cha thupi lawo sanathe kudziteteza, nanga mwana wa sukulu? Mu December 2024 dziko la Italy linaika m'malamulo a pamsewu kuti woyendetsa galimoto azisiya mpata wa mita imodzi ndi theka popitirira wapanjinga, pamene msewu walola. Lamulo ndi labwino, koma limadalira kuti dalaivala aliyense akhale maso ndi wachifundo nthawi zonse. Njira yakeyake siidalira chifundo cha munthu.

Komatu tisakometse nkhani mopitirira. Walira mvula walira matope. Pamene sitima inalowa m'phiri, matauni ena monga Ospedaletti, Santo Stefano al Mare ndi Riva Ligure anataya masiteshoni awo, ndipo siteshoni ya Taggia inasunthira kumtunda, kutali ndi gombe. Munthu wokalamba amene kale ankatuluka m'nyumba n'kukwera sitima pakhomo, tsopano ayenera kuyamba wafuna basi. Kwa iye njira ya njinga si malipiro okwanira. Ndiponso kampani imene inapatsidwa ntchito yomanga ndi kusamala njirayi inagwa m'ngongole, moti udindo wake unachita kuperekedwa m'manja ena. Kumanga n'kosavuta, pakuti pamakhala riboni yodula ndi zithunzi m'nyuzi. Chovuta ndi kusintha mababu a m'mphanga, kusesa mchenga umene mafunde aponya, ndi kukonza khoma limene namondwe wagumula, chaka ndi chaka, popanda woombera m'manja.

Palinso mkangano pakati pa oyenda panjirapo okhaokha. Wapanjinga yothamanga, ya matayala opyapyala, amadandaula kuti apansi amayenda mwachisawawa, agalu ali pazingwe zazitali, ana akudumpha uku ndi uku. Wapansi naye amati othamangawo amadutsa ngati mivi, osaliza belu. Pamkangano uwu ine ndili kumbali ya wapansi. Munthu amene wathawa chigalimoto cha katundu asasanduke chigalimoto kwa mnzake wofooka. Mantha amene iye amamva pa Via Aurelia ndi omwewo amene agogo amamva iye akawadutsa mophaphalitsa. Njira ya m'gombe ndi bwalo la onse, ndipo pabwalo wamphamvu ndiye amayamba kudzichepetsa. Wofuna kuyesa mphamvu za miyendo yake ali ndi malo ake, ndipo malowo si ena ayi koma kumapiri.

Tiyeni tikwere naye. Zitunda ziwiri zoyamba n'zodziwika kwa aliyense wokonda mipikisano. Milano-Sanremo, mpikisano wa tsiku limodzi wa makilomita pafupifupi 300 umene unayamba mu 1907, ndipo Eddy Merckx anaupambana kasanu ndi kawiri, umathera m'zitunda zimenezi. Cipressa, chimene chinalowa mumpikisanowu mu 1982, chimayambira pa San Lorenzo al Mare pomwepo n'kukwera makilomita oposa asanu. Poggio, chimene chinalowa mu 1960, n'chachifupi ndipo chili pakhomo pa Sanremo. Tsiku la mpikisano, m'mwezi wa March, apolisi amatseka misewuyi kuti akatswiri adutse mwaufulu. Masiku ena onse ndi misewu wamba. Koma wokonda bata lenileni saima pamenepa. Amalowa m'chigwa cha Argentina, kudutsa Taggia ndi Badalucco, kukwera mpaka ku Molini di Triora ndi ku Triora, mudzi wamiyala wokhala pa mamita pafupifupi 780, wodziwika ndi milandu ya ufiti imene inazengedwa kumeneko kuyambira mu 1587. Ena amakwera ku Baiardo, ena amaoloka mipata ya Colle Langan ndi Colle d'Oggia kupita m'zigwa zina.

Kumtunda kumeneko munthu angathe kupalasa nthawi yaitali osakumana ndi galimoto. Msewu ndi wopapatiza, wokhotakhota, wodutsa m'nkhalango. Kumbuyo nyanja ikunyezimira patali. Alendo ochokera kumaiko ozizira amausimba ngati paradaiso, ndipo amauzana kuti kuno ndiye kuli misewu yopanda magalimoto. Sindiwatsutsa kuti ndi kokongola. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funso limene mlendo safunsa n'lakuti: kodi magalimotowo anapita kuti? Palibe lamulo limene linawaletsa. Palibe msonkhano umene unagwirizana zowachotsa. Msewu uli zii chifukwa anthu amene akanayendamo kulibe.

M'zaka 100 zapitazi midzi ya kumapiri a Liguria yakhala ikutha pang'onopang'ono. Achinyamata anatsikira kugombe kukagwira ntchito m'mahotela ndi m'minda ya maluwa, ena anapita ku Genoa, ena ku France. Triora lero ili ndi anthu osakwana 500, ndipo midzi ina yaing'ono m'nyengo yachisanu imatsala ndi nyumba zowerengeka zofuka utsi. Liguria ndicho chigawo chimene chili ndi anthu okalamba koposa zigawo zonse za Italy. Wapanjinga akamakwera amaona makoma a miyala osanjikizana kuyambira m'chigwa mpaka pamwamba, omangidwa popanda simenti, mwala pamwamba pa mwala, kuti agwire dothi la timinda ta azitona a mtundu wa taggiasca. Luso lomanga makoma otere linalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2018 kukhala chuma cha anthu onse. Koma khoma silisamala za ulemu wolembedwa papepala. Limafuna dzanja lobwezera mwala ukagwa. Pamene dzanjalo palibe, minga imamera, khoma limaphulika, ndipo dothi la makolo limatsetserekera mumsewu.

Mvula yamphamvu ikabwera, zotsatira zake zimaoneka. Mu November 2016 nthaka inagumuka ku Monesi, mudzi wa m'munsi mwa Monte Saccarello, n'kuwononga nyumba ndi msewu. Kumayambiriro kwa October 2020 namondwe wotchedwa Alex anasefukiza mtsinje wa Roya mpaka madzi analowa m'tauni ya Ventimiglia, ndipo chigwa cha Argentina nachonso chinapwetekedwa. Sindikunena kuti makoma okha akanaletsa zonsezi, pakuti mvula yotero imagonjetsa ndi ntchito za amisiri omwe. Koma phiri losiyidwa limagonja msanga, ndipo msewu wopita kumudzi wa anthu ochepa ndiwo umakhala kumapeto kwa mndandanda pokonza. Motero wapanjinga amene akukondwera kuti msewu ulibe anthu akukondwera ndi chinthu chimene mawa chidzamulanda msewu womwewo.

Apa ndiye pagona mutu wa nkhani yanga. Bata la panjira ya m'gombe ndi bata losankha. Anthu alipo, ambirimbiri, koma anakhala pansi n'kunena kuti pano galimoto isadutse, kuti mwana ndi nkhalamba apume. Bata la kumapiri ndi bata la pabwinja, pamene mbalame zimaimba momasuka chifukwa mtondo unaleka kulira. Mlendo wosadziwa angayese n'zofanana, popeza m'khutu mwake zonse ndi chete. Koma chete wa m'nyumba imene mwana wagona si chete wa m'nyumba imene mwachoka maliro. Ndipo ndimaona kuti n'kusowa ulemu kuti munthu akwere njinga ya ndalama zambiri, chakudya ndi madzi atanyamula m'thumba, adutse m'mudzi umene sukulu yake inatsekedwa, ajambule chithunzi, n'kutsika osagula ngakhale buledi, kenaka n'kumakasimba kwawo kuti kumeneko n'kwabwino chifukwa kulibe anthu.

Tsono chofunika n'chiyani? Choyamba n'kulumikiza misewu iwiriyi. Lero munthu wamba amene wazolowera mtendere wa m'gombe akafuna kukwera kumtunda, amayenera kuyamba wadutsa pakamwa pa chigwa, pamene pali masitolo aakulu, mphambano ndi magalimoto a katundu, ndipo pamenepo ndi pamene mtima umamubwezera kumbuyo. Makilomita ochepa oyambawo ndiwo ofunika njira yotetezeka koposa, chifukwa ndiwo khomo. Kale anthu akanati n'kutaya nthawi, poti ndi ochepa okha amene ali ndi miyendo yokwera ku Triora. Koma kubwera kwa njinga zothandizidwa ndi magetsi kwasintha zinthu: bambo wa zaka 70 tsopano angathe kukwera chitunda chimene kale chinali cha anyamata okhaokha. Khamu limene limayenda m'gombe, likanati gawo lochepa chabe likhotere kumtunda, sitolo ya m'mudzi ikanaona kusintha.

Chachiwiri n'kupanga bata losankha kumapiri komweko. Zimenezi si maloto. Kumpoto kwa Italy, msewu wokwera mpata wa Stelvio, pa mamita oposa 2,700, umatsekedwa kwa magalimoto tsiku limodzi m'nyengo yotentha, ndipo apanjinga zikwizikwi amakhamukirako. Pafupi ndi Liguria pomwepo, msewu wakale wa asilikali wa pakati pa Limone Piemonte ndi Monesi, umene ndi wa miyala osati wa phula, uli ndi masiku ena pa sabata amene amasiyira apanjinga ndi apansi okha. Nzeru yomweyi ingathe kugwira ntchito pa misewu ya phula ya m'zigwa za kumtunda, Lamulungu lina m'mawa, maola owerengeka. Koma pano ndichenjeze: safunsa anadya phula. Msewu umene kwa mlendo ndi malo osewerera, kwa mwini mudzi ndi njira ya dokotala, ya basi ndi ya mwana wobwera kudzaona mayi ake. Ukatsekedwa ndi lamulo lochokera m'maofesi a kugombe, anthu a kumapiri adzaona njinga ngati mdani winanso wodzawalanda chotsala. Ukatsekedwa iwo atavomera, atasankha okha tsiku ndi ola, ambulansi ndi eni mudzi akudutsa mwaufulu, tsikulo lidzakhala la msika wawo.

Ndikudziwa kuti ena adzati njinga siingadzazenso mudzi, ndipo akunena zoona. Mudzi umakhala ndi moyo chifukwa cha sukulu, chipatala, ntchito ndi mtengo wabwino wa mafuta a azitona. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma tisapeputse chimene mame amachita m'chaka cha chilala. M'mudzi wa anthu 200, kusiyana kwa sitolo yotsegula ndi yotseka kungakhale makasitomala khumi pa tsiku. Sitolo ikakhalapo, nkhalamba siisamuka. Nkhalamba ikakhala, mdzukulu amabwera patchuthi. Ndipo msewu umene alendo akuyendamo, boma limachita manyazi kuusiya wogumuka. Kumbukirani Bussana Vecchia uja tinamuona pachitunda. Chivomezi cha pa 23 February 1887 chinaugwetsa, eni ake anasamutsidwa, ndipo unakhala bwinja zaka zoposa 70. M'zaka za m'ma 1960 anthu ojambula ndi osema ochokera m'maiko osiyanasiyana anayamba kukhala m'mabwinjamo, n'kukonza nyumba ndi manja awo. Pakhala mikangano yaitali yokhudza umwini wa nyumbazo, koma utsi ukufukanso pamene unaleka. Bwinja silikhala bwinja mpaka kale ngati pali njira yofikako ndi chifukwa chopitirako.

Kugombe ntchito ikupitirira. Mu December 2016 sitima zinasamutsidwanso pakati pa Andora ndi San Lorenzo al Mare, ndipo m'zaka zotsatira mzinda wa Imperia unasandutsa njanje yake yakale kukhala njira ya njinga yolumikizana ndi yoyamba ija. Kum'mawa kwa Genoa, pakati pa Levanto, Bonassola ndi Framura, mphanga zakale za sitima zinatsegulidwanso kwa apanjinga ndi apansi. Boma la Italy lili ndi chikonzero cha njira yaitali yotchedwa Ciclovia Tirrenica, yoti idzachoke ku Ventimiglia mpaka ku Rome. Za kugombe sindida nazo nkhawa, pakuti kumeneko kuli mavoti, mahotela ndi ndalama, ndipo aliyense waona kale phindu lake. Nkhawa yanga ili kumtunda, kumene kulibe wofuula.

Anthu a ku Liguria anachita chinthu chovuta m'chaka chija njanje inachoka: anaona malo a mtengo wapatali n'kukana kuwadya, kuti akhale a aliyense. Chatsala n'chakuti mtima womwewo ukwere phiri. Ndipo kwa wapanjinga aliyense amene adzafike kumeneko, pempho langa ndi laling'ono. Mukadzafika ku Triora, tsikani panjinga. Lowani m'sitolo, perekani moni, gulani buledi wa kumeneko, umene ndi wotchuka m'chigawo chonse, ndipo khalani pansi mudye pamaso pa eni mudzi. Mukadzamva galimoto ikubwera kumbuyo kwanu potsika, musakwiye kuti yakusokonezerani bata, ipatseni mpata. Mwina ndi mphunzitsi, mwina ndi mmisiri wodzakonza khoma, ndipo kulira kwa injini yake ndi umboni wakuti kumtundako kudakali anthu.